Pampu Ikakana Kulira Mvula Itatha

Mvula ikangodula chakumapeto kwa Epulo, kuno m'mbali mwa Thuchila maganizo a aliyense amathamangira kudimba. Nazale za tomato ndi kabichi zimakhala zitamera kale kuseri kwa nyumba, madzi mumtsinje atsika, ndipo mapampu amene anagona m'zipinda kuyambira Disembala amatulutsidwa panja. Ndiye m'mawa uliwonse mumamva chinthu chimodzimodzi: chingwe chikukokedwa, injini n'kutsokomola kamodzi, kenako zii. Mnyamata akatopa amalowapo mkulu wake, mkulu wake akatopa amaitana wa nyumba yoyandikana nayo, mpaka chingwe chiduke. Chikaduka m'pamene anthu amakumbuka kuti ine ndinagwirapo ntchito m'galaja ya pa esiteti ina ya tiyi, ndipo pampu ija imafika pakhomo panga itamangidwa ndi mphira pa kaliyala ya njinga.

Nthawi zambiri imafika ili ndi pulagi yatsopano, ndipo ichi chimandiwawa. Munthu wakwera kabaza mpaka pa Luchenza kapena pa Chitakale, wawononga ndalama yoyendera, wagula pulagi, pamene yakale ija inalibe mlandu. Pulagi imanamiziridwa chifukwa ndiyo imaoneka, ndiyo yosavuta kumasula. Wopalamula weniweni amakhala phee pansi pa kabyuleta, chipangizo chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya, ndipo ndi petulo wa chaka chatha.

Petulo si chinthu choti mungasunge miyezi yambiri n'kudzamupeza ali mmene munamusiyira. Muli zinthu zosiyanasiyana, zina zopepuka zimene zimauluka msanga, zina zolemera. Zopepukazo ndizo zimagwira moto injini ikadali yozizira. Chivindikiro cha thanki chili ndi kabowo kopumira, kabyuleta nayonso ili ndi kake, choncho miyezi ikamapita zopepuka zija zimathawa pang'onopang'ono. Zotsalazo zikakhalitsa ndi mpweya zimasanduka zofiirira, zomata ngati ulimbo, n'kukakamira m'timabowo timene petulo amadutsa. Tizipangizo ta timabowo totere timatchedwa majeti. Bowo la jeti yaikulu pa mainjini athuwa silifika ngakhale milimita imodzi, la jeti yaing'ono n'lochepanso kuposa pamenepo. Sipafunika zinyalala zambiri kuti litsekeke. Opanga mainjiniwa amalemba okha m'timabuku timene timabwera m'katoni kuti petulo akhoza kuyamba kuwonongeka pakangotha masiku 30. Ife timamusiya dzinja lonse.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo zimenezi zinayamba mu 1982. Amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Pa galimoto kapena njinga yamoto imene ikuyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, petulo amapsa asanakalambe. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Tsono ganizirani chinyezi cha kuno ku Mulanje mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nsapato za chikopa zimamera nkhungu zili pansi pa bedi, mchere n'kusungunuka m'botolo. Chinyezi chomwecho chimalowa m'thanki. Madzi akachuluka, amagwirana ndi ethanol uja n'kutsikira pansi, petulo n'kuyandama pamwamba. Pansi m'pamene pali paipi yopita ku kabyuleta. Mukamakoka chingwe, chimene injini ikumwa ndi madzi. Madzi omwewo amabweretsa dzimbiri m'thanki ndi m'kabeseni ka kabyuleta, komanso tizinthu toyera ngati ufa pa chitsulo cha kabyuletayo.

Ndiye pampu ikafika, sindiyamba ndi chingwe. Ndimatsegula thanki n'kununkhiza. Petulo wabwino amabaya m'mphuno. Wakale amanunkha vanishi, fungo lowawasa, ndipo mtundu wake umakhala utadera. Ndikakayika ndimathira pang'ono m'botolo lagalasi loyera n'kulikhazika pansi. Ngati muli madzi, pakapita kanthawi mumaona mzere, zapansi ndi zapamwamba zitasiyana.

Kenako ndimaizungulira ndi maso. Makoswe amakonda m'kati mwa chivindikiro chimene chimaphimba flywheel, gudumu lija limazungulira mukakoka chingwe, amadzazamo nsanza ndi makoko a chimanga, nthawi zina amatafuna ndi waya wa koyilo womwe. Injini imeneyi imazizira ndi mphepo, ilibe madzi oziziritsa, choncho chisa cha khoswe chikatseka njira ya mphepoyo injini imalira ndithu koma imatentha mpaka kudziwononga. Mavu oumba nyumba za dothi nawonso amakonda kukamwa kwa ekizozi. Ekizozi ikatsekeka, ngakhale zonse zikhale bwino injini siingalire. Kamtengo kakang'ono kamathetsa nkhaniyo.

Oyilo ndimamuyang'ana pampu ili pamalo osapendekeka. Mapampu ambiri kuno ali ndi injini ya Honda GX160 kapena zina zotengera pamenepo, zija zimalembedwa kuti 168F. Zimalowa oyilo wokwana malita 0.6 basi, ndipo akadzaza bwino amafika pakamwa penipeni pothirira. Zambiri mwa izi zili ndi kachipangizo kamene kamadula moto oyilo akachepa. Ndaonapo anthu akumasula injini yonse pamene chimafunika ndi oyilo wa theka la kapu. Ndaonanso amakaniko ena akudula waya wa kachipangizoka kuti injini ilire msanga mwiniwake alipire azipita. Ine zimenezo sindichita ndipo sindigwirizana nazo. Kachipangizo kameneko ndiko kamaletsa kuti pisitoni isagwire tsiku limene mnyamata wothirira waiwala kuyang'ana oyilo.

Oyilo akakhala wotuwa mwamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Mu 2023, namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi, mapampu ambiri anamira m'nyumba momwe anasungidwa. Injini yotero musaikoke n'komwe. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo akakhala pamwamba pa pisitoni, kukoka mwamphamvu kukhoza kupinda zitsulo za m'kati. Mumayamba mwachotsa pulagi, kutaya oyilo yense, kupendeketsa injini kuti madzi atuluke, kenako n'kumakoka pang'onopang'ono pulagi isanabwezeredwe. Ikadzalira, oyilo woyambayo samakhalitsa, mumamutayanso ikangotentha n'kuthira wina.

Chaka chino pampu yoyamba kufika inali ya alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba kuno. Anaitsitsa pa njinga ali thukuta kamukamu, nkhope itagwa.

"Alamu, injini iyi yatha basi. Pulagi ndasintha, oyilo alimo, koma zii."

"Munaisiya ndi petulo, alamu?"

"Eya, theka la thanki. Ndimati ndidzayambire pomwepo. Mmene petulo akuvutiramu, ndikanataya?"

Ndani angawadzudzule? Munthu amene wagonapo pamzere wa petulo, kapena wagula wa m'zigubu pamtengo wowawa, sangamve zoti ataye ngakhale dontho. Koma theka la thanki ndilo loipitsitsa, chifukwa pamwamba pamatsala malo ambiri a mpweya wachinyezi, ndipo usiku kukazizira mame amachita m'kati mwa thanki momwemo.

Tinayala thumba la feteleza loyera pansi pa mtengo wa peyala kuti tizitsulo ting'onoting'ono tisasowe m'fumbi. Ndinawapempha azimitse fodya wawo, ndipo ana tinawathamangitsira kutali pamodzi ndi mbaula. Petulo yense wa m'thanki tinamukhuthulira m'chigubu. Pansi pa kampopi kotsegulira petulo pali kakapu kakang'ono komwe zinyalala zimakhazikika. Titakamasula tinapezamo madzi ndi dzimbiri lofiira. Thanki tinaitsuka ndi petulo watsopano pang'ono, kukhutchumula n'kutaya, mpaka wotuluka anayera. Pali sefa yaing'ono potulukira petulo m'thankimo, nayonso tinaitsuka.

Kabyuleta ndiyo imafuna kuleza mtima. Pa mainjini amenewa sipanala ya 10 imachita pafupifupi chilichonse. Mukachotsa sefa ya mpweya ndi manati awiri amene amagwira kabyuleta, imasololoka yokha, koma musanaisolole yang'anitsitsani mmene kandodo ka governor, chipangizo choyang'anira liwiro la injini, ndi kasipuling'i kake zakolekedwera. Amene muli ndi foni ya kamera jambulani, chifukwa pobwezera m'pamene anthu amasokonezeka. Magasiketi asamaleni, asang'ambike. Gasiketi yong'ambika imalowetsa mpweya wakuba, ndipo injini imavuta kulira ngakhale jeti zili zoyera.

Kabeseni ka pansi kamamasulidwa ndi bawuti imodzi ya pakati. Ka alamu titakatsegula, fungo lokha linawauza zonse. Pansi panali zomata zofiirira, m'mbali dzimbiri. M'kati mwake muli float yapulasitiki, imene imayandama pa petulo, ndi kasingano kamene imakankha kuti katseke petulo kabeseni kakadzaza. Kasinganoka kakamatirira kotseka, petulo salowa n'komwe. Kakamatirira kotsegula, petulo amasefukira, kudontha pansi, nthawi zina kutsikira mpaka m'oyilo. N'chifukwa chake oyilo akamanunkha petulo kapena akaoneka kuti wachuluka yekha, muzidziwa kuti kasingano kanakanika kutseka, ndipo oyilo ameneyo ngotaya. Ka alamu kanali komatirira kotseka. Ndinasolola kapini, kuchotsa float, kasingano n'kutsalira m'malo mwake osagwa, mpaka ndinachita kukakoka ndi zala.

Jeti yaikulu ili m'kati mwa chipilala cha pakati pa kabyuleta. Imafuna sikuludiraiva yopyapyala koma yokwana bwino pamzere wake, chifukwa ndi yamkuwa, yofewa, ndipo mukaigwira ndi chitsulo chosakwana mutu wake umadyeka n'kukanikiratu kutuluka. Pamwamba pa jetiyo pali kapaipi kamkuwa kokhala ndi timabowo tambiri m'mbali, komwe petulo amasakanikirana ndi mpweya. Anthu ambiri amatsuka jeti n'kuiwala kapaipi aka. Kagwedezeni katuluke, kapena kakankheni kuchokera m'kati mwa khosi la kabyuleta.

Ndinawapatsa alamu jeti ija kuti ayang'ane dzuwa kudzera m'bowo lake.

"Sindikuona kanthu."

"Ndiye mmene injini yanu imaoneramo petulo."

Potsukira ndimanyika tizitsuloti m'petulo watsopano, kapena m'mankhwala opopera otsukira kabyuleta akapezeka, ndiye n'kubowola ndi kachingwe kamodzi kamkuwa kochokera mu waya wamagetsi wofewa. Singano yosokera, phini kapena waya wachitsulo ayi. Zimenezo n'zolimba kuposa jetiyo, zimakulitsa bowo, ndipo bowo likakula silibwereranso. Injini imalira ndithu, koma imamwa petulo mosakaza, kutulutsa utsi wakuda, pulagi n'kumada sabata iliyonse. Mwini wake amadzangodabwa kuti pampu yake yayamba umbombo. Pomaliza ndimapopera mphepo ndi pampu ya njinga m'timabowo tonse ta kabyuleta. Kuuzira ndi pakamwa ndimakana, petulo si woti azilowa m'kamwa mwa munthu.

Jeti yaing'ono ili pamwamba, yapulasitiki yakuda, yobisala pansi pa sikulu yochepetsera kapena kukweza kulira kwa injini. Kuti muichotse mumayamba mwamasula sikuluyo, ndipo werengani kuti yazungulira kangati kuti mudzaibwezere pomwe inali. Jeti imeneyi ndiyo imachititsa chija mumamva m'madimba ambiri, injini ikulira mokwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, osakhazikika. Ndiyonso imachititsa kuti injini ilire choke, kachitseko kochepetsa mpweya poliza injini, ikakhala yotseka koma n'kuzima mukangoitsegula. Ena amangozolowera kuthirira choke ili theka nyengo yonse. Petulo amene amawononga mwanjira imeneyo akanagulira kabyuleta yatsopano.

Ndinene pano kuti kabyuleta ina siyenera kuvutikira. Ngati madzi anakhalamo nthawi yaitali mpaka chitsulo chadyeka, chachita timaenje, kapena timabowo ta m'kati tatsekeka ndi zoyera zija, gulani ina. Za mainjini a mtundu umenewu zimapezeka m'masitolo a zipangizo ku Limbe, ndipo nthawi zina ngakhale m'misika ya kuno. Tengani yakaleyo popita kuti mukayerekeze, chifukwa zimafanana maonekedwe koma kukula kwa khosi kumasiyana pakati pa injini yaing'ono ndi yaikulu.

Za pulagi sindichulutsa. Imasuleni ndi sipanala yake ya 21, muyang'ane kumutu. Ikakhala yonyowa ndi petulo, ndiye kuti petulo akufika koma mwakoka kwambiri choke ili yotseka. Ipukuteni, kokani chingwe kangapo pulagi ili panja kuti m'kati muume. Ikakhala youma gwa pambuyo pokoka nthawi yaitali, petulo sakufika, bwererani ku kabyuleta. Mwaye wakuda mumachotsa ndi bulashi ya waya. Mpata wa pakamwa pake ukhale mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Kuti muone moto, ivekeni chipewa chake, gunditsani chitsulo chake ku injini patali ndi bowo la pulagi ndiponso patali ndi petulo wotayika, switch ili pa ON, wina akoke. Moto wabuluu wothetheka bwino ndiye wofunika. Chitirani pamthunzi, padzuwa suoneka. Ndipo gwirani chipewa champhira, osati chitsulo, pokhapokha ngati mukufuna kuvina ana akuonerera. Ya Honda imakhala NGK BPR6ES, zinazi nthawi zambiri F7TC. Pulagi yakale ya alamu, imene anabwera nayo m'thumba la malaya, inathetheka bwino lomwe. Ndinawauza aisunge.

Pali vuto lina limene limabwera ndi chinyezi chathuchi, ndipo limadziwika ndi dzanja. Mukamakoka chingwe pang'onopang'ono, payenera kufika pamene chikulimba, kenako n'kumasuka. Chikamangobwera mopepuka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nthawi zambiri valavu ina, mwa ziwiri zija zolowetsa mpweya ndi petulo ndi zotulutsa utsi, inatsala yotsegula pamene injini inaima, ndiye yachita dzimbiri n'kumatirira pomwepo. Chotsani chivindikiro cha mavalavu, chija cha mabawuti anayi, kokani chingwe mukuyang'ana. Mudzaona ina ikutsika ndi kukwera, inzake itangokhala pansi. Donthezani oyilo pa tsinde lake, igogodeni monyengerera ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, izungulitseni, mpaka iyambe kubwerera yokha. Mukakhala ndi zoyezera mpata, valavu yolowetsa imafuna mamilimita 0.15, yotulutsa 0.20, injini ili yozizira. Chingwe chikakana kubwera n'komwe, musalimbane nacho. Mwina ndi pisitoni yagwira dzimbiri, ndipo imafuna oyilo m'bowo la pulagi ndi kuisiya igone usiku. Koma pa pampu, kawirikawiri chogwira chimakhala mbali ya madzi: mchenga ndi dzimbiri zimamanga impeller, ija imazungulira n'kukankha madzi. Mumatsegula chigoba cha pampu, kuchotsa mchengawo, n'kuizungulitsa ndi dzanja.

Tsopano apa m'pamene ndimakangana ndi anthu chaka chilichonse. Injini ikakonzeka, aliyense amafuna kuimva ikulira pompo, pabwalo, pampu ili youma. Pakati pa injini ndi madzi pali seal ya tizitsulo tiwiri tosalala timene timakhudzana tikuzungulira, ndipo chimene chimatiziziritsa ndi madzi a m'chigobamo. Popanda madzi timatentha n'kuwonongeka m'kanthawi kochepa. Mawa lake kudimba pampu ikudontha pansi, kapena ikukana kukoka madzi, ndiye mlandu umabwera kwa amene anatsuka kabyuleta. Ine sindiliza pampu ndisanathire madzi m'chigoba mpaka atasefukira, ngakhale kukhale kungoyesa.

Tinatero ndi ya alamu. Tinathira madzi, kutseka, kuthira petulo watsopano, kutsegula kampopi n'kudikira pang'ono kuti kabeseni kadzaze. Ndimakonda kumasula kaye kabawuti kokhuthulira ka m'mbali mwa kabeseniko mpaka petulo woyera atuluke, kuti nditsimikize kuti wafika. Choke yotseka, giya ya moto itakwezedwa pang'ono, switch pa ON. Kakokedwe nakonso kali ndi njira yake. Mumakoka pang'onopang'ono mpaka chingwe chilimbe, ndiyeno kamodzi mwamphamvu, n'kuchibweza ndi dzanja, osachitaya kuti chikadzimenye chokha. Zingwe zambiri zimaduka chifukwa chokokedwa mpaka kumapeto ndi kutayidwa. Inalira. Utsi unatuluka wambiri poyamba, n'kutha. Ikangolira mumatsegula choke pang'onopang'ono. M'mawa wa chiperoni, mu Juni ndi Julayi, imafuna kuidikira pang'ono kuti ifunde musanaikweze moto.

Alamu anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndiye ndimafuna kukagulitsa kwa a zitsulo zakutha!" Anandilonjeza dengu la tomato, ndipo ndikulidikira.

Ikalira kwa mphindi zingapo n'kuzima yokha, kenako n'kuliranso mukaipumitsa, masulani chivindikiro cha thanki muyesenso. Kabowo kopumira kakatsekeka, petulo amaleka kutsika. Ikalira bwino koma madzi osabwera, injini isiyeni, nthawi zambiri vuto limakhala ku paipi yokokera. Paipi imene yakhala yopindidwa dzinja lonse imachita ming'alu yosaoneka, mphira za polumikizira zimauma, ndipo pampu ikangopeza pokokera mpweya imasiya madzi. Musaiikenso patali kwambiri pamwamba pa madzi. Pampu zoterezi sizikoka kupitirira mamita 7 kapena 8 kuchokera pansi, ndipo ikayandikira madzi m'pamene imatulutsa ambiri. Sefa ya kumapeto kwa paipi isagone pamchenga, Thuchila ali ndi mchenga wokwanira kudya impeller nyengo imodzi. Ine ndimaiika m'dengu lakale lomizidwa ndi mwala.

Mphwanga wina amene ali ku koleji anandionetsa pa foni mavidiyo a anthu a ku Canada. Kumeneko ali ndi zoyendera pa chipale chofewa zotchedwa snowmobile, zokhala ndi injini ya petulo, lamba wamphira kumbuyo ndi timatabwa totsetsereka kutsogolo. Amazisunga nyengo yawo yotentha yonse n'kuzitulutsa cha mu Novembala kapena Disembala, pamene ife tikulowetsa mapampu m'nyumba. Ndinaonera mpaka bandulo yake inatha. Munthu ali m'galaja yaikulu, zipangizo zili mbwee pakhoma, koma chimene akuchita ndi chomwechi: kununkhiza thanki, kuchotsa chisa cha mbewa m'bokosi la sefa ya mpweya, kuyang'ana jeti pa nyali. Iwo ali ndi mankhwala othira m'petulo kuti asawonongeke msanga, ndi oyilo wopopera m'kati mwa injini posunga. Kuno mankhwala amenewo sindinawaonepo m'misika yathu, choncho njira yathu ndi kukhuthula.

Zambiri mwa snowmobile zimenezo ndi za two-stroke, zofanana ndi makina ochekera matabwa ndi otchetchera udzu amene afala kuno. Amenewa oyilo wake amapsera limodzi ndi petulo. Pa makina athu ochekera mumasakaniza nokha, ambiri pa muyezo wa 50 kwa 1, koma tsatirani zimene zalembedwa pa makina anu. Msakanizo wakale nawonso umawonongeka ngati petulo wakale, ndipo kabyuleta za makina ochekerawa zilibe kabeseni, zili ndi timphira topyapyala timene timauma tikakhalitsa. Timeneto sititsukika, n'tosintha.

Funso limene alamu anandifunsa akumangirira pampu pa njinga ndi loti Disembala akadzafika adzachite chiyani. Pali ena amati dzazani thanki mpaka pakamwa kuti musakhale malo a chinyezi. Kumene kuli mankhwala osungira petulo aja, njira imeneyo ili ndi nzeru. Kwa ife kuno, ndi petulo wa ethanol ndi mvula ya Mulanje, ine ndimati khuthulani zonse. Petulo wotsalayo asatayidwe, ndi wabwinobwino pa nthawiyo, mupatseni wa kabaza wa njinga yamoto kapena thirani mu jenereta apse sabata yomweyo. Thanki ikauma, masulani kabawuti kokhuthulira kabyuleta ndi kakapu ka zinyalala kaja, chifukwa kungosiya injini ilire mpaka izime kumatsaza petulo pang'ono pansi pa kabeseni, ndipo pang'ono pomwepo ndi pamene pamadzauma n'kumata. Thanki yachitsulo yopanda kanthu imachita dzimbiri, ndiye ndimathiramo oyilo pang'ono n'kuizunguza kuti apake m'mbali monse. Podzaitulutsa ndimatsuka ndi petulo.

Oyilo wa mu injini musinthe isanagone, ikadali yofunda, osati podzaidzutsa pokha. Wakale amakhala ndi zinyalala ndi chinyezi zimene zimadya zitsulo miyezi yonseyo. Kenako chotsani pulagi, thirani oyilo watsopano supuni yaing'ono imodzi m'bowo lake, kokani chingwe kangapo kuti apake m'kati, bwezerani pulagi. Pomaliza kokani pang'onopang'ono mpaka chingwe chilimbe, n'kusiyira pomwepo. Pamenepo mavalavu onse awiri atseka, chinyezi chilibe polowera, ndipo vuto lija la valavu yomatirira silibwera. Mbali ya madzi, tsukani chigoba ndi madzi oyera kuti matope achoke, masulani kotulutsira ka pansi, chiume.

Poisunga isakhale pa dothi kapena pa simenti yonyowa. Ikani pa thabwa kapena pa njerwa, kutali ndi matumba a feteleza, chifukwa feteleza amadya chitsulo koopsa, komanso kutali ndi matumba a chimanga kumene makoswe amasonkhana. Kukamwa kwa ekizozi tsekani ndi kansanza konyowetsedwa ndi oyilo, koma mangani kachingwe kooneka pa chigwiriro cholizira kuti mudzakumbuke kukachotsa. Fundikani ndi nsalu kapena chiguduli. Pepala lapulasitiki limasunga thukuta m'kati, ndipo pampu yofundikidwa nalo imadzatuluka ndi dzimbiri kuposa imene inangokhala poyera. Mapaipi akulungeni mozungulira mokulirapo, osawapinda, muwapachike kudenga kumene dzuwa silifika, ndipo timphira ta polumikizira tiikeni m'chitini chotseka pamodzi ndi sipanala ya pulagi.